Lumpia wolobodoka, mzere wosayenda: kukonza khitchini ya turo-turo

Malo ang'onoang'ono ogulitsa zakudya zonyamula za ku Philippines amatchedwa turo-turo: ndiwo zimakhala m'mathireyi pa kauntala, wogula amangoloza ndi chala, wogulitsa n'kupakula. Aliko ambiri ku Manila ndi ku Cebu, komanso kulikonse kumene anthu a dzikoli anakhazikika, monga ku Woodside mu New York, ku Daly City mu California, ku Earl's Court mu London ndi ku Satwa mu Dubai. Malo oterewa akangoyamba kutchuka m'dera, madandaulo amene amatsatira amakhala awiri omwe aja. Ena amati chakudya chasiya kukoma: lumpia (timipukutu tokazinga tokhala ndi nyama kapena masamba m'kati) wolobodoka, adobo (nyama yophikidwa mu viniga ndi soya sosi) wowawa mchere, pancit (tizingwe ta ufa tophikidwa ndi nyama ndi masamba) womatana. Ena amati anaima mphindi 25 kudikira chakudya chimene amachiona ndi maso chili kale m'thireyi.

Eni malo ambiri amathamangira kulemba ntchito munthu wina wa pa kauntala, kapena kukalipira wophika. Kawirikawiri sizithandiza, chifukwa madandaulo awiriwa gwero lake ndi limodzi. Pa mndandanda wa turo-turo pali zakudya zimene zimakoma kwambiri zikagona, ndi zina zimene zimatha ntchito pakangodutsa mphindi 10. Khitchini ikamazisamala mofanana, zosapirirazo zimawonongekera m'thireyi. Wophika akaona choncho amasiya kuzikonzeratu, n'kumayamba chilichonse oda ikafika, ndipo mzere umaima. Ndiye khitchini imangosinthana mavuto: lero chakudya choipa koma chachangu, mawa chabwino koma chochedwa.

Lembani nthawi musanasinthe kalikonse

Kwa masiku angapo, limodzi likhale Loweruka, lembani pa kapepala ka oda iliyonse nthawi imene yalandiridwa ndi nthawi imene yaperekedwa. Mbale ya mpunga ndi ndiwo ziwiri za m'thireyi siyenera kupitirira mphindi 3. Oda yokhala ndi chokazinga isapitirire mphindi 8. Madzulo sankhulani mapepala a maoda ochedwa muwaike pamodzi. Mudzaona kuti akufanana: mwina onse ali ndi lechon kawali (nyama ya nkhumba yokazinga m'mafuta ambiri), mwina onse anagwa pa nthawi imene mpunga unatha, mwina onse anakumana ndi oda yaikulu ya pa foni. Pamenepo ndi poyambira.

Kenako gawani mndandanda wanu patatu. Adobo, ndiwo za nyama mu msuzi wa tomato (menudo, mechado, caldereta), dinuguan (nkhumba yophikidwa m'magazi ake) ndi nyama ya kare-kare (mchira wa ng'ombe mu msuzi wa mtedza) zimapirira, zina mpaka kukoma kwambiri tsiku lachiwiri, izi ziphikidwiretu. Pancit, pinakbet (masamba osakaniza) ndi masamba a mu sinigang (msuzi wowawasa wa nyama ndi masamba) zimapirira pang'ono chabe, choncho ziziphikidwa zochepa zochepa, kangapo patsiku. Lumpia, lechon kawali, sisig (nyama ya nkhumba yoduladula n'kukazinga), turon (nthochi yokulunga n'kukazinga) ndi mazira a silog (mbale ya mpunga wokazinga ndi dzira) sizidikira konse. Ntchito yake yonse ithe dzulo kapena m'mawa, patsale kumalizitsa kwa mphindi zochepa basi.

Pa mafuta ndi pamene mzere umafera

Madigiri onse otchulidwa pano ndi a Celsius, ndipo popanda thermometer mukungoganizira. Gulani ziwiri, ya mafuta ndi yobaya m'chakudya.

Lechon kawali amachedwetsa kuposa zonse ngati nyama ikulowa m'mafuta ili yonyowa. Chikopa chonyowa sichitukuka, chimangolimba gwa, mafuta amathetheka n'kuwotcha wophika, ndipo fryer (chokazingira cha mafuta ambiri) imatsekeka kwa mphindi 15 chifukwa cha oda imodzi. Njira yake ndi iyi. Dzulo lake wiritsani nyama ya pamimba pa nkhumba, yokhala ndi chikopa chake, m'madzi a mchere, adyo, masamba a bay ndi tsabola wakuda wosapera, kwa mphindi 45 mpaka 60, kufikira foloko ikulowa mosakakamiza koma nyama isanayambe kuphwasuka. Ivuuleni, bayanibayani chikopa ndi foloko, pakani mchere pang'ono, ndipo igone pa waya mu furiji usiku wonse osavindikira. Kusavindikirako ndiye nkhani yonse, chifukwa mphepo ya mu furiji ndi imene imaumitsa chikopa. M'mawa idulidwe m'zidutswa za mbale imodzi imodzi, zokhuthala pafupifupi masentimita 3, ikazingidwe koyamba pa madigiri 160 mpaka itafiirira, izizire pa waya, ibwerere mu furiji. Oda ikafika, chidutswa chimodzi chilowe m'mafuta a madigiri 190 kwa mphindi 3 kapena 4. Chikopa chimatukuka timatuza ndipo chimalira pokukuta. Muziduladula nyamayo pomaliza, kasitomala ataima kale pa kauntala.

Lumpiang Shanghai, amene ndi lumpia wa nyama yogaya, akalobodoka, yang'anani zinthu zitatu motsatana. Choyamba ndi zam'kati: karoti ndi anyezi zopalidwa zimatulutsa madzi, choncho zifinyidwe mu kansalu zisanasakanizidwe ndi nyama yogaya, ndipo lumpia asanenepe kupitirira masentimita 1.5, apo ayi kunja kumapsa m'kati muli mwawisi. Chachiwiri ndi kuchulutsa m'mafuta. Lumpia wochokera mu firiza amatsitsa kutentha kwa mafuta nthawi yomweyo. Mukadzaza basiketi, mafuta a madigiri 175 amagwa kwambiri, ndipo m'malo mokazingika lumpia amangomwa mafuta. Basiketi isapitirire theka, ndipo dikirani mafuta abwerere pa 175 musanaponye ena. Kukazinga kawiri ochepa ochepa kumatha msanga kusiyana ndi kamodzi modzaza. Chachitatu ndi zochitika akatuluka: kuunjika lumpia wotentha pa pepala kapena m'thireyi yovindikira kumamunyowetsa ndi nthunzi yake yomwe. Aimikidwe pa waya, mphepo idutse pansi.

Mukakulunga lumpia, ayalidwe pa thireyi osakhudzana, aume mu firiza, kenako alowe m'majumbo owerengedwa kale malinga ndi kukula kwa oda. Asasungunutsidwe, achoke mu firiza kulowa m'mafuta, mphindi 5 kapena 6, ndipo m'kati mufike madigiri 71 ngati ndi nkhumba, 74 ngati ndi nkhuku. Pa nthawi ya nkhomaliro kazingani ochepa ochepa mosadukiza, ongokwana kugulidwa m'mphindi 10.

Mafutawo asefedwe tsiku lililonse, chifukwa tizinyenyeswa totsalira timapserera n'kuwawitsa chilichonse. Akayamba kuda bii, kuchita thovu losatha, kapena kutulutsa utsi pa kutentha kumene kale sankatulutsa, atayidwe. Mchere usathiridwe pamwamba pa fryer, umawononga mafuta msanga. Ndipo nsomba, makamaka daing na bangus ndi tuyo, zikhale ndi chiwaya chakechake. Turon, amene ndi nthochi ya shuga yokulungidwa, akamveka fungo la nsomba youma, kasitomala sabweranso.

Mpunga usathe

Palibe chimene chimaimitsa turo-turo ngati mpunga kutha nthawi ya 12:30. Ndiwo zonse zilipo, koma palibe mbale imene ingatuluke, ndipo rice cooker yaikulu imafuna mphindi 30 mpaka 40. Kilo imodzi ya mpunga wosaphika imatulutsa makilo 2.5 mpaka 3 a wophika, ndiye kuti mbale 14 mpaka 16 ngati mukupakula magalamu 180 pa munthu. Werengani mbale zimene mumagulitsa pa ola lotanganidwa kwambiri, muone ngati cooker yanu imakwanitsa. Yabwino ndi kukhala ndi ziwiri zosinthana: yoyamba ikafika theka, yachiwiri iyatsidwe, osadikira kuti pansi pawoneke. Amene akupakula ndiye azinena mokweza kuti theka lafika.

Mpunga ukamatuluka ngati phala, madzi achuluka kapena sunatsukidwe. Wa jasmine utsukidwe kawiri kapena katatu, madzi akhale kapu imodzi ndi kota pa kapu iliyonse ya mpunga, ndipo ukapsa ukhale chivindikirire mphindi 10 mpaka 15 musanautakase. Kuutsegula msanga chifukwa cha mzere ndi kumene kumapangitsa pamwamba kukhala pouma pansi pali ponyowa.

Sinangag, mpunga wokazinga ndi adyo, umafuna mpunga wozizira wa dzulo, ndipo apa pali ngozi imene ambiri saidziwa. Mu mpunga mumakhala njere za mabakiteriya otchedwa Bacillus cereus zimene sizifa pophika. Mpunga ukasiyidwa mu poto pa tebulo usiku, zimadzuka n'kutulutsa poizoni amene kukazinga sikumupha, ndipo wodya amasanza patangopita maola ochepa. Mpunga wa sinangag uyalidwe mopyapyala pa mathireyi, ulowe mu furiji pasanathe ola, ugwiritsidwe ntchito mawa lake lokha. Adyo wake ayambe kukazingidwa mafuta asanatenthe kwambiri, achotsedwe akangoyamba kufiirira. Akapserera amawawa ndipo palibe chokonza.

Steam table siphika

Ntchito ya steam table, kauntala ya mathireyi okhala pamwamba pa madzi otentha, ndi kusunga chakudya chotentha kale. Kuikamo adobo wozizira wochokera mu furiji kuti atenthere momwemo ndi kumusiya maola ambiri pa kutentha kumene mabakiteriya amaswana bwino. Madzi a pansi atenthe kaye, chakudya chitenthetsedwe pa moto mpaka madigiri 74, kenako chilowe m'thireyi. Chikalowa chisatsike pansi pa mlingo wa lamulo la kumene muli: ku United States ndi madigiri 57, ku Britain ndi 63. Bayani thermometer pakati pa thireyi maola awiri alionse, ndipo onaninso madzi a pansi, chifukwa akaphwa thireyi imapserera pansi pamwamba pali pozizira.

Mathireyi akuluakulu odzaza amaoneka bwino pa kauntala, koma chakudya chimakhalitsamo. Gwiritsani ntchito ang'onoang'ono osazama, zotsala zikhale kukhitchini. Thireyi ikatsala pang'ono kutha, ichotsedwe, pabwere ina yoyera. Kuthira ndiwo zatsopano pamwamba pa zakale kumasiya zam'mawa zili pansi mpaka madzulo.

Adobo akawawa mchere pofika 2 koloko, si kuti wophika anachulutsa soya sosi. Madzi akhala akuuluka kuyambira m'mawa, mchere n'kutsala. Vindikirani thireyi pamene palibe wogula, ndipo msuzi ukachepa onjezerani madzi otentha kapena msuzi wa mafupa wopanda mchere, osati soya sosi wina. Adobo wa pa kauntala aphikidwe ndi mchere wocheperako kusiyana ndi wa panyumba: pa kilo imodzi ya nkhuku, mamililita 120 a viniga, 80 a soya sosi, 250 a madzi, mutu umodzi wa adyo, masamba atatu a bay ndi supuni yaing'ono ya tsabola wakuda. Mukathira viniga musatakase. Awire poto ili yosavindikira kwa mphindi zingapo kuti ukali wake uchoke. Gwiritsani ntchito ntchafu ndi miyendo, chifukwa chidali chimauma n'kusanduka ulusi chikakhala ola limodzi pa nthunzi. Adobo wa nkhumba akaphikidwa dzulo n'kugona mu furiji, mafuta amaundana pamwamba, ndipo mutha kuwachotsa ndi supuni kuti asayandame m'kontena ya kasitomala.

Sinigang amawawasa ndi bwemba, ndipo kuwawasa komweko ndi kumene kumapha masamba. Kangkong (masamba a m'madzi ofanana ndi kholowa) ndi zitheba zazitali zikakhala mu msuzi wowawasa zimataya kubiriwira, zimasanduka zofiirira n'kufewa kwambiri. Msuzi ndi nyama zikhale mu poto wake zikutentha. Radishi woyera, mabiringanya, zitheba ndi therere lobala ziwiritsidwe padera osapsetsa, zilowe mu msuzi pang'onopang'ono. Kangkong aikidwe m'kontena popakula. Msuzi wotentha umamupsetsa kasitomala ali m'njira.

Kare-kare amafuna diso. Msuzi wake ndi wa mtedza wopera ndi ufa wa mpunga wokazinga, ndipo khalidwe lake ndi la ndiwo zotendera: umagwira pansi, umalimba ukakhalitsa, ndipo umasasa msanga ukangosiyidwa wofunda. Mchira wa ng'ombe umafuna maola atatu kapena kuposa pa moto wochepa, kapena pafupifupi ola mu pressure cooker, choncho ntchito imeneyi ndi ya dzulo. Msuzi wa mtedza ukonzedwe m'mawa ndi madzi a mchirawo, uzitakasidwa kufika pansi mphindi 20 zilizonse, ndipo ukalimba usungunulidwe ndi msuzi wotentha. Bagoong (sosi wamchere wa shrimp amene amadyera kare-kare) aperekedwe m'kakontena kapadera. Ndiwo za mkaka wa kokonati, monga laing (masamba a koko) ndi Bicol express (nkhumba ya tsabola), zisabwadamuke pa moto waukulu chifukwa mafuta amapatukana ndi msuzi. Kasitomala akanena kuti laing amuyabwa kukhosi, masamba a koko sanapse mokwanira. Onjezerani nthawi pa moto wochepa, musachepetse pofuna changu.

Pancit

Bihon, tizingwe topyapyala ta ufa wa mpunga, samalekeza kumwa madzi ali m'thireyi, n'chifukwa chake pansi pamasanduka phala pamwamba pakuuma. Anyikidwe m'madzi ozizira kapena ofunda pang'ono kwa mphindi pafupifupi 10, osati owira, kenako amalizike mu msuzi pa chiwaya. Nyama ndi masamba zikazingidwiretu padera, kabichi ndi karoti zisanafewe. Zikakhala zokonzeka chotero, theka la kilo la bihon limatha m'mphindi 6 kapena 7, ndipo palibe chifukwa chophikira wa tsiku lonse m'mawa. Thireyi ya pancit isapitirire mphindi 45. Calamansi kapena ndimu ziperekedwe pambali.

Pa kauntala

Munthu mmodzi akamalandira oda, kupakula, kuyankha foni, kulandira ndalama ndi kuthamangira ku fryer, mzere sungayende ngakhale khitchini ikhale yokonzeka bwanji, ndiponso dzanja logwira ndalama siliyenera kugwira chipande. Pa ola la nkhomaliro pakhale anthu atatu: wa oda ndi ndalama, wopakula, ndi wa pa moto. Funso loyamba kwa kasitomala likhale lakuti, "Pali chokazinga chimene mukufuna?" Lumpia akalowa m'mafuta wogula asanayambe kuloza ndiwo, amatuluka nthawi imodzi ndi mbale yonse.

Nthawi yambiri imatheranso pa kufotokoza. Wogula amene si wa ku Philippines amaloza thireyi iliyonse n'kufunsa kuti ndi chiyani. Ikani kakhadi kutsogolo kwa thireyi iliyonse, dzina ndi mawu ochepa onena zam'kati. Pa dinuguan lembani poyera kuti muli magazi a nkhumba. Lembaninso zimene zimadwalitsa anthu ena: mtedza mu kare-kare, shrimp mu bagoong ndi mu pinakbet, tirigu mu soya sosi ndi m'zokulungira lumpia, nsomba mu sosi wa patis. Mitengo ikhale iwiri kapena itatu yokha, mpunga ndi ndiwo imodzi, mpunga ndi ndiwo ziwiri, kuti pasakhale kuwerengetsana.

Mndandanda wa ndiwo 25 pa khitchini ya anthu atatu ndi wosatheka. Siyani 8 kapena 10: zisanu zimene anthu amabwerera zikhalepo tsiku lililonse, zina zizisinthana ndi masiku. Kare-kare wa Loweruka lokha, wophikidwa bwino, amagulidwa kuposa wa tsiku ndi tsiku amene amagonera m'thireyi.

Maoda a pa ma app otumizira chakudya monga Uber Eats, DoorDash, Deliveroo kapena Grab amalowa osaona kutalika kwa mzere wanu. Ikani nthawi yeniyeni yokonzera chakudya, osati imene mumalakalaka, ndipo mzere ukafika pakhomo imitsani kaye maoda a pa intaneti kwa mphindi 15. Ndiwo ikatha, ichotsedwe pa app nthawi yomweyo. Crispy pata (mwendo wa nkhumba wokazinga) ndi halo-halo (chotsekemera cha ayisi ndi mkaka) ganizirani kuzichotsa konse pa maoda otumiza, chifukwa safika bwino.

Palinso mathireyi a maphwando. Mabanja a ku Philippines sachita tsiku lobadwa popanda pancit, ndipo pa ubatizo ndi pa Khirisimasi amaitanitsa lumpia wambirimbiri. Oda yotere ikalandiridwa Loweruka m'mawa kuti ikatengedwe masana, imalanda fryer ndi chiwaya kwa ola lathunthu, ogula a pa kauntala akungoyang'ana. Izilandiridwa kudakali masiku awiri, ilembedwe pa khoma la khitchini, ndipo nthawi yodzatenga ikhale isanakwane 11 koloko kapena itadutsa 2 koloko.

Chakudya chikawonongekera m'jumbo

Pali madandaulo ena amene wophika amakana ndi mtima wonse, chifukwa chakudya chinachoka m'manja mwake chili bwino. Vuto limakhala kontena. Lechon kawali wotsekeredwa m'pulasitiki amafika chikopa chitafewa ndi nthunzi. Zokazinga zilowe m'kabokosi ka pepala kokhala ndi mabowo, kapena boolani chivindikiro ndi mpeni, ndipo zikhale pamwamba m'jumbo, kutali ndi kontena ya msuzi. Sosi wa lumpia ndi wa lechon akhale m'timakontena tawo. Mpunga usasakanikirane ndi msuzi wa adobo pokhapokha wogula atapempha. Sinigang adzazidwe kusiya mpata wa chala pamwamba kuti chivindikiro chigwire. Ndipo musapakule oda yotumiza woyendetsa asanayandikire. Ndiwo zimasungika bwino m'thireyi yotentha kusiyana ndi pa shelefu.

Potseka

Zotsala ndi zimene zimawononga chakudya cha mawa. Zokazinga, pancit, masamba ndi ndiwo za mkaka wa kokonati zimene zakhala pa kauntala zitayidwe. Adobo, menudo ndi mechado zitha kusungidwa ngati thermometer yakhala ikuonetsa kuti sizinatsike kutentha tsiku lonse, koma zizizire mwachangu: malamulo a zakudya a ku United States amafuna kuti zichoke pa madigiri 57 kufika pa 21 m'maola awiri, ndi kufika pa 5 m'maola ena anayi. Poto wamkulu wodzaza sangakwanitse zimenezi mu furiji. Gawani m'mathireyi osazama kupitirira masentimita 5, musavindikire mpaka zitazizira, lembani tsiku, ndipo zitenthetsedwe kamodzi kokha, kufika madigiri 74.

Musanataye chilichonse, chiyezeni pa sikelo n'kulemba m'kope, pamodzi ndi nthawi imene ndiwo iliyonse inatha. Pakatha milungu iwiri kopelo lidzakuuzani makilo a nkhuku ofunika Lachiwiri ndi ofunika Loweruka, ndiponso ndiwo imene imatayidwa kawirikawiri moti iyenera kuchoka pa mndandanda.